Zala za pa Njerwa

Lucius Bonneau anali atakonza zipupa zakale za mu Charleston kwa zaka makumi atatu, ndipo eni nyumbazo ankawadziwa bwino: mbiri amaikonda ikakhala yochapa ndi yosita.

Mayi Lavinia, eni nyumba imene ankagwirako ntchito tsopano, nawonso anali a Bonneau. Anali wapampando wa komiti yosunga nyumba zakale, moti mmisiri akayambana nawo, ntchito m'tauni monse inkamuthera pomwepo. Za dzina lofananalo sankafuna kumva. Makolo a Lucius analitenga pakhomo pomwepo ali akapolo, choncho mayiwo ankangoti "iwe Lucius", kuitana bambo waimvi ngati mwana.

Mmawa umenewo Lucius ankamanganso mpanda wakumaso ndi njerwa zake zakale zomwe, pansi penipeni pa chikwangwani chamkuwa chonena kuti nyumbayo anamanga ndi Kaputeni Bonneau. Atapala matope pa njerwa ina anaona timaenje tinayi. Zinali zala za mwana wa kapolo, mwa ana amene kalelo ankatembenuza njerwa zikadali zaziwisi kuti ziume. Anayesa kulowetsamo kachala kake kakang'ono, koma sikanakwane. Mtima unamuwawa, kenako unamupsa.

Anaiika njerwayo zala zili kunja.

"Nanga ichi n'chiyani?" anatero Mayi Lavinia atatuluka ndi kapu ya khofi. "Loweruka pano pali ukwati, ajambulitsa pompano. Itembenuze."

"Mayi, si mbiri imene alendo amadzaonera muno?"

"Usandiphunzitse mbiri ya kwathu iwe. Ndinakuitana kudzamanga, osati kudzalalikira."

"Ayi, ndangodabwa. Kaputeni wanuyu anali ndi tizala tating'ono bwanji!"

"Mwano umenewo! Itembenuze, apo ayi khoma ili ndi lomaliza kuligwira m'tauni muno."

Sankanena zoseka, Lucius anadziwa. Pa msinkhu wakewo akanakayamba kuti? Anaizula njerwayo n'kuitembenuza.

Kumbali inayo kunali dzenje limodzi lakuya, la chala chachikulu. Mayiwo, poti njerwa sanaigwirepo chibadwire, sankadziwa kuti munthu amaipana mbali zonse ziwiri.

"Ndiye imate!" anakalipa.

"Kumata njerwa yakale n'koletsedwa, mayi. Kuitaya nakonso n'koletsedwa, imabwerera pamene inachoka. Lamulolo munasaina ndinu."

Khofi anatayikira pa nsapato zawo. "Choka pakhomo panga! Ndiitana mmisiri wina."

Zaka makumi atatu zinathera pamenepo. Lucius anapukuta chipande chake chomangira osafulumira, n'kuika njerwa ija m'manja mwa mayiwo. Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira, mpaka anaigwira ndi manja awiri.

"Muitaneni mmisiri winayo, naye adzakufunsani zomwezi," anatero Lucius. "Zala zinayi kapena chimodzi? Sankhani, Mayi Bonneau. Ine mwandichotsa, koma mwanayu sachoka."