Asipiradori ya ku Zóbuè

Ntchito ya Alcides inali yothira madzi m'misewu ya mumgodi wa malasha ku Chipanga. Ankayendetsa chigalimoto cha thanki, kutsika ndi kukwera m'chidzenjemo tsiku lonse, kunyowetsa njira kuti fumbi lisauluke. Madzulo akafika kunyumba kwake m'dera la 25 de Setembro, m'tauni ya Moatize, ankapeza fumbilo litamutsogolera: pazenera, pambale zotsukatsuka, ngakhale m'mphuno mwa mwana wake.

Mwanayo dzina lake anali Aurora, wazaka zisanu, ndipo ankadwala mphumu. Ikamugwira ankakhala tsonga, mapewa ali m'mwamba, pakhosi pakulira ngati kamwana ka mphaka. Mphepo ya Agosito wa 2013 itayamba, anagonekedwa kuchipatala, n'kutuluka, n'kubwereranso sabata isanathe.

Tsiku lomutulutsa, namwino anaitanira pambali Alcides ndi mkazi wake Ermelinda.

"Musamasese ndi tsache. Tsache limangodzutsa fumbi, mwana n'kumameza."

"Timayamba tawaza madzi," anatero Ermelinda.

"Pakauma limadzukanso. Ngati mungathe, gulani asipiradori, makina okoka fumbi aja. Ngati simungathe, mwanayu mumuchotse kuno."

Ermelinda anatola mawu omalizawo. M'mawa mwake anamanga zovala za mwana m'nsalu yake ya kapulana.

"Sikuti ndikukuthawani, bambo a Aurora. Ndikupita kwa abambo ku Zóbuè. Kumapiri kuja mpweya wake ndi wina."

"Mubwerako liti?"

"Nyumba ino ikadzakhala yoti mwana angapumiremo."

Alcides anawaperekeza kukakwera chapa, kaminibasi konyamula anthu, nabwerera kunyumba yopanda mawu a munthu. Sanadye tsiku limenelo. Loweruka anapita kumsika, nagula asipiradori yoyamba imene anaiona: yofiira, yonyezimira, ya m'katoni yolembedwa manambala akuluakulu. Wogulitsayo analumbira kuti imakoka ngakhale msomali.

Kukoka inkakokadi. Koma dzuwa la masana litalowera pazenera, Alcides anaona kautsi kakuda kakutuluka kumbuyo kwa makinawo n'kumayandama m'chipinda monse. Mchenga ndi zinyenyeswa zinkatsala m'kati, pomwe fumbi lonyenyeka lija, lomwe linkapha mwana wake, linkangodutsa. Asanamalize n'chipinda chimodzi chomwe, makinawo anatentha, ananunkha mphira wopsa, n'kuzima. Atawabweza kumsika, wogulitsa uja anangoyang'ana kumbali, nati katundu wogwiritsidwa kale ntchito salandira.

Kuchokera pamenepo Alcides anasanduka munthu wa nkhani imodzi. Ankafunsa anzake m'basi ya kuntchito, ankafunsa amayi okolopa m'maofesi, mpaka ena anayamba kumuzemba. Ermelinda akaimba foni, iye ankati zinthu zikuyenda. Pomaliza analowa m'loja ya Anuar, mwenye wachikulire wogulitsa zamagetsi m'tauni ya Moatize, namufotokozera zonse.

Anuar anatsitsa makina awiri pashelefu, koma sanawayatse.

"Awa ndi a matumba a pepala. Amagwira bwino, koma matumba akatha ine ndilibe ena, ndipo ku Tete nakonso n'zokayikitsa. Ndikakugulitsani lero, mwezi wamawa mudzanditukwana. Pitani kwa mlongo wanga Zubaida ku Zóbuè, pafupi ndi malire. Amagula katundu wakale kwa madalaivala ochokera ku Joni. Mwina kumeneko."

Alcides anagulitsa kanema wa m'nyumba mwake. Kenako anakokolola fumbi la pazenera ndi la pamitanda ya denga, nalithira m'kathumba ka shuga. Anang'ambanso malaya ake oyera kukhala tizidutswa. Makina ofiira aja anali atamuphunzitsa koyang'ana.

Chapa inakwera mapiri pang'onopang'ono, ikuima paliponse, mpaka inafika pamzere wa magalimoto akuluakulu odikira kuoloka kupita ku Malawi. Loja ya Dona Zubaida inali yodzaza ndi mafiriji, masimbi ndi mawailesi osanjikizana mpaka kudenga. Mwini wake anali mayi wojintcha wovala mpango wobiriwira, magalasi ali pansonga ya mphuno. Anatulutsa makina atatu. Alcides anamasula kathumba kaja n'kuthirako fumbi pansi.

"Bambo inu, mwatani? Ndakolopa m'mawa uno."

"Pepani, mayi. Ndikolopanso ndekha. Ndi fumbi la kwathu. Ndikufuna ndione ngati angalithe."

Anamanga kansalu koyera pamalo potulukira mpweya pa makina oyamba, nawayatsa. Atamasula, kansaluko kanali kotuwa. Achiwiri anali amphamvu, koma paipi yake inali yomata ndi tepi, ndipo fumbi linkatuluka m'ming'alu. Alcides anawazimitsa. Anakhala pansi pomwepo, pasimenti.

Zubaida anamuyang'ana kwa kanthawi.

"Akudwala ndani?"

"Mwana wanga wamkazi. Mphumu."

Mayiyo sanafunsenso. Anakankha ndi phazi makina achitatu, omwe Alcides anali asanawalabadire chifukwa cha maonekedwe ake. Anali ngati chidebe chabuluu, okalamba, olemera, tayala limodzi palibe. Zubaida anatsegula chivundikiro nathiramo madzi a m'jagi.

"Awa alibe thumba. Fumbi limamira m'madzimo. Anthu amawakana chifukwa ndi onyansa."

Alcides anamanga kansalu katsopano, nawayatsa. Fumbi la pansi lonse linalowa. Atamasula, kansalu kanali koyera. Sanakhulupirire. Anathira lotsala lonse, nayesanso. Koyera. Anawasiya akulira nthawi yaitali, dzanja lake lili pachivundikiro kumvetsera ngati atenthe, Zubaida akugulitsa mababu kwa anthu ena mokuwa kuti amvane.

"Mwabwera kudzagula, kapena kudzandimalizira magetsi?"

"Ndigula, mayi."

Zubaida anadula pulagi ya ku Joni naikapo yolowa m'makoma a kuno. Anamuonetsa kamzere ka m'kati mwa chidebe.

"Madzi asapitirire apa, apo ayi injini imwa. Mukamaliza, tayani, tsukani, yanikani. Akafa mwezi usanathe mubwere nawo. Ine sindisamuka."

Alcides anasenza makinawo pamutu, nakwera nawo kanjira kopita kwa apongozi ake, a Firmino, omwe ankalima kabichi ndi mbatatesi m'mbali mwa phiri kuyambira pomwe anabwerako ku Malawi nkhondo itatha. Asanafike pabwalo anaona Aurora akuthamangitsa ana a mbuzi m'mizere ya kabichi. Ankathamanga mokwera chitunda, akuseka. Alcides anali asanamuonepo akuthamanga chotero. Mwanayo atamuona anamulumphira, ndipo Alcides anaika khutu pachifuwa chake. Munali zii. Anasangalala, koma nthawi yomweyo anakumbukira kuti iye akufuna kumubwezera kufumbi kuja.

Atadya, a Firmino anayang'ana chidebe chabuluucho chili pakhonde.

"Mkamwini, mwanayu mwamuona mmene alili."

"Ndamuona, bambo."

"Ndiye mukufunanso chiyani?"

Alcides anaweramitsa mutu. "Ine ndinakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi ndi amayi okha. Abambo anatsala kuno. Titabwerako ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo atandigwira dzanja ndinathawa, ndinkayesa ndi msilikali. Mpaka anamwalira tisanazolowerane. Sindikufuna Aurora adzandione choncho."

A Firmino anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ife tinathawa mfuti, ndipo tinabwerako mfuti zitaleka. Fumbi lanulo laleka?"

Anayankha ndi Ermelinda, yemwe ankamvetsera ali pakhomo.

"Abambo, tiyeseko. Munthuyu waonda. Pitani mukakonze nyumba, bambo a Aurora, ife tibwera Lamulungu linalo."

Sabata imeneyo Alcides akaweruka ankangofikira pamakina. Anakoka fumbi la pamitanda, la m'matiresi, la kuseri kwa kabati. Madzi ankatuluka akuda bii ngati oili wakale wa galimoto, iye n'kutaya kudzenje, n'kuthira ena. Anatseka ndi sanza mipata ya pakati pa malata ndi khoma, namata mapepala m'mbali mwa mawindo. Pofika Loweruka madzi anayamba kutuluka otuwa chabe.

Lamulungu Ermelinda ndi mwana anabwera. Aurora anawatcha makinawo njovu chifukwa cha paipi yake, ndipo ankafuna kuti azithira madzi ndi iyeyo. Ermelinda ankawayatsa m'mawa uliwonse. Mwana ankagona mpaka kucha osatsokomola. Masabata angapo anadutsa chotero, ndipo Alcides anayambanso kuseka m'basi ya kuntchito.

Kenako kunabwera kutentha kwa mwezi wa Otubulo. Nyumba yamalata yotsekedwa mipata yonse inasanduka ng'anjo. Masana ena Aurora analira mpaka Ermelinda anamulola kukakhala pamthunzi wa mtengo wa masau pabwalo, iye akuchapa. Kumgodi kunamveka kuphulika kwa miyala monga mwa masiku onse, koma mphepo inali itatembenuka. Pamene Ermelinda amatukula mutu, zovala za pachingwe zinali zitada kale, ndipo mwana anali atagwira pakhosi.

Foni inamupeza Alcides ali pansi pa chidzenje. Anaimika galimoto pambali, napempha mnzake kuti amuthamangitsire kugeti. Kuchipatala anapeza Aurora atavekedwa chophimba kumaso chopumira, milomo yake ili yotuwa, nthiti zikulowa ndi kutuluka. Maso a mwanayo anamupeza, koma analibe mpweya woti anene kanthu. Alcides anagwada pambali pa bedi, nagwira kaphazi kake, chifukwa manja onse anali ndi mapaipi. Anakhala choncho mpaka mawondo anachita dzanzi.

Dzuwa likupendeka, kupuma kwa mwana kunayamba kutsika. Ermelinda anatuluka naye Alcides pakhonde la chipatala.

"M'nyumba munalibe fumbi," anatero motsitsa mawu. "Ndinapititsa chala pazenera m'mawa, munalibe. Makina aja alibe mlandu, inunso mulibe. Koma mwana si chimanga choti n'kumusunga m'nkhokwe."

"Ndamva, mayi a Aurora."

Mwana atatulutsidwa m'chipatala, ulendo uno ananyamula katundu ndi Alcides mwini, nakwera nawo chapa mpaka ku Zóbuè. Anazungulira pamalire kufunsa ntchito yoyendetsa galimoto, koma kunali ya kutsitsa ndi kukweza matumba yokha, ya tsiku limodzilimodzi, yosakwana ngakhale mankhwala a mwana. Lolemba anabwerera ku Moatize yekha.

Makina aja sanawagulitse. Anawapereka kwa Silvia, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe amayi ake okalamba ankatsokomola chaka chonse ndipo analibe abale kumapiri koti n'kuthawirako. Anamuphunzitsa kathiridwe ka madzi ndi katsukidwe kake. M'mawa uliwonse akamapita kokwerera basi ankawamva akulira kuseri kwa mpanda.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse ankapita ku Zóbuè. Chaka chotsatira Aurora anayamba kuphunzira pashikola ya komweko, ndipo mphumu inkangomugwira mwa apo ndi apo, nyengo yozizira. Tsiku lina mvula yoyamba itagwa, a Firmino anatenga makasu awiri, napita ndi mkamwini wawo kumunsi kwa munda, kufupi ndi kamtsinje, kumene kunali tchire losalimidwa.

"Apa palibe mwini wake. Sipangakupatseni zomwe umakupatsani mgodi, koma mbatatesi zimabereka."

Alcides anali asanagwire khasu chibwerereni ku Malawi. Analima mpaka masana, m'manja mwake munatuluka matuza, ndipo mizere yake inali yokhotakhota moti a Firmino anaibwereza yonse. Za kusamukirako Alcides sanalonjeze kanthu. Madzulo anasamba, napsompsona mwana pamutu, natsika kukadikira chapa, chifukwa m'mawa mwake ankalowa ntchito.