Mtanda Wochokera ku Chimbonila

Mtandawo unabwera utagona pamwamba pa matumba a mbatatesi, ndipo a Gilberto anautsitsa okha, osalola munthu kuwathandiza. Unali wachitsulo, penti yake yakuda isanaume bwinobwino. Pakati pake panali dzina la mlongo wawo m'zilembo zoyera: Rosália. Anautsamiritsa pampanda wansungwi, ndipo amayi amene ankapeta mpunga kuseri kwa nyumba analeka kupeta.

A Dionísio, amuna a malemu, anali pakhonde, jekete atalimanga mpaka m'khosi chifukwa cha mphepo ya Juni ya ku Lichinga. Anadzuka, kupereka mpando kwa alamu awo, iwo n'kukhala panjerwa. Mtandawo sanauyang'ane.

Linali tsiku la sadaka, lachitatu chimwalirireni akazi awo. A Rosália anatsirizika m'mawa, ndipo dzuwa lisanalowe anali atagona kale kumanda a Asilamu, m'sanda yoyera, opanda bokosi. Uthenga unawapeza a Gilberto ali ku Cuamba ndi lole yawo. Pafoni ananena momveka kuti thupi lisungidwe kuchipatala mpaka iwo atafika, adzalitengera ku Chimbonila kumene kunagona makolo awo. A Dionísio anamvetsera mpaka kumapeto, anayankha kuti amva, n'kupita kukauza shehe kuti anyamata ayambe kukumba.

A Alzira, akulu awo a malemu, anatsika kutsogolo kwa lole pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo yotupa. Anali atavala kapulana, chitenje cha amayi a kutchalitchi. Noémia, mwana wa malemu, anawayalira mphasa, nabweretsa tiyi atagwada. A Gilberto kapu yawo sanaikhudze.

"Alamu, ndinakuuzani kuti mudikire."

"Munandiuza."

"Ndiye?"

"Sindinadikire."

A Gilberto anavula chipewa n'kuchimenyetsa pabondo. Anayankhula nthawi yaitali, mawu akukwera ndi kutsika. Anati mkamwini ndi mlendo ngakhale atamera imvi pakhomo, ndipo mlendo saika maliro a eni ake. Anati Rosália anabatizidwa ali khanda, anatsogolera kwaya mpaka mawu kusasa, anakwatitsidwa pamaso pa padiri. Zoti muukalamba wake anayamba kufunda mpango n'kumakana nyama ya nkhumba, iwo akubanja anangozisiya, poti wamoyo sumumanga mwendo ngati nkhuku. Koma mtembo ndi wa eni mbumba. Kufukula sakafukula, zimenezo anaziganizira m'njira n'kuzisiya. Mtanda wokha ndiwo ukaime pamandapo lero lomwe, kuti aliyense wodutsa adziwe kuti pagona mwana wa ndani.

"Inu nomwe Lamulungu lililonse muli ku Misa, benchi yakutsogolo. Mkazi wanu mwamutaya ngati thumba, opanda ngakhale nyimbo imodzi. Kapena anakugulani ndi mpunga umenewu?"

A Zaina, gogo wachiyao wa nyumba yoyandikana, ndiwo ankayang'anira miphika ya sadaka. Anatulukira pakona ya nyumba chipande chili m'manja.

"Mpunga ulipo wambiri, bambo, ngati inuyo mumagulika."

Amayi ena anaseka mobisa. A Alzira anayang'ana kumbali.

"Mtanda sukaima," anatero a Dionísio.

Anthu a m'bairo la Namacula ankawadziwa kuti akanena mawu awiri, achitatu suwamva ngakhale utawapsinja. Koma a Gilberto atakwezanso mtanda m'lole, natenga khasu, n'kunena kuti akafunsa njira kwa ana a m'msewu ngati palibe wowalozera, a Dionísio analowa m'nyumba. Anatuluka ndi botolo lakale la mafuta ophikira, lodzaza madzi.

"Tiyeni."

A Alzira anakakamira kupita nawo. A Dionísio anawasiyira malo akutsogolo, iwo n'kukwera kumbuyo, kukhala pathumba la mbatatesi, mtanda uli kumapazi. Lole inkadzandira m'maenje, njinga zamoto zikuilambalala, fumbi lofiira likugwera papenti yaiwisi ija n'kumatirira.

Njira imeneyi a Dionísio anaiyendapo koyamba wapansi, nthawi ya nkhondo, atanyamula kanthu kopepuka kuposa botolo limene linali pamiyendo pawo.

Nthawiyo anali atangokwatirana kumene ndi a Rosália, akukhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya a Zaina. A Gilberto anali ku tropa, ku usilikali, osamveka kumene ali. Mwana woyamba anabwera masiku ake asanakwane, m'mawa wina, panyumba pomwepo. Anali wamwamuna. Analira kamodzi, kamawu kowonda ngati ka mwana wa mphaka, ndipo madzi amene anali pamoto asanawire anali atakhala chete.

A Alzira, amene anabwera kudzadikirira, anachita zimene anaphunzitsidwa. Anati imeneyi ndi nthayo, si munthu ayi. Nthayo siliridwa, sipatsidwa dzina, amuna sayandikira. Amayi akuluakulu amakaikwirira padzenje losazama kudambo, ndipo mayi wake sasonyezedwa malowo, kuopa kuti mimba ingatsekeke. A Dionísio anathamangira kwa katekisita. Bamboyo anafunsa ngati mwanayo anathiridwa madzi a ubatizo asanatsirizike. Atamva kuti ayi, anapepesa kwambiri, nati iye sakudziwa mapemphero a zoterezi, angotsatira zimene amayi anena.

A Alzira atapita kukaitana amayi aja, a Zaina analowa osaodira. Anapeza a Rosália atatembenukira kukhoma, ataluma nsalu kuti kulira kusamveke. Anakhala pansi n'kufunsa mafunso awiri okha. Loyamba linali lakuti kodi mwanayo analira. Atauzidwa kuti analira, anati kwawo ku Chisilamu wolira ndi munthu, ngakhale atalira kamodzi. Lachiwiri linali lakuti, "Dzina lake ndani?"

Anamusambitsa ndi madzi ofunda aja. Anang'amba nsalu yawo yoyera, yatsopano, imene ankaisungira tsiku la Idi. Amuna awo a Zaina anaitana anzawo, anamupempherera choimirira, ndipo a Dionísio anamunyamula okha pamikono mpaka kumanda. A Alzira pobwera ndi amayi ndi khasu, anangouzidwa kuti zatha. Sanafunse, ndipo nkhaniyo sinatchulidwenso, poti nthayo sitchulidwa.

A Rosália anapitiriza kuimba kwaya zaka zambirimbiri. Noémia anabadwa, anakula, anakwatiwa. Koma mvula ikangosiya, a Rosália ankadzaza madzi m'botolo n'kupita kumanda kuja kukathira pamene panagona mwana uja. Palibe amene ankawaletsa, komabe ankabwerako akunena kuti amalowamo ngati wakuba. Anadikira mpaka mayi awo owabala atamwalira, kuti asawachititse manyazi. Kenako anachapa nsalu yawo ya kwaya, anaisita, anakaibweza kutchalitchi yopindidwa bwino. Anauza amuna awo za nkhaniyi akusola nyemba pakhonde, osadzutsa n'komwe mutu.

"Ine ndikupita kumene anandifunsa dzina la mwana wanga."

"Pitani."

Sanawapemphe kuti awatsatire. Loweruka lililonse ankawasitirabe malaya a ku Misa, ndipo akachedwa kudzuka ankawagwedeza phazi kuti belu lalira. Shehe atawauza kuti akazi sayenda pakati pa manda, anavomera mwaulemu kuti amva, ndipo mawa lake anapita. Shehe ananena kawiri katatu, kenako anatopa.

Lole inaima pansi pa mitengo ya bulugamu. A Dionísio anatsika n'kutsogola, a Gilberto pambuyo mtanda uli paphewa, khasu kudzanja, a Alzira akutsimphina kumapeto. Mtumbira watsopano unkaonekera patali chifukwa cha dothi lofiira. Pambali pake penipeni panali kamtumbira kakang'ono, kotitimira, kozunguliridwa ndi miyala yosanjidwa bwino. Panalibe udzu ngakhale umodzi.

A Gilberto anayeza ndi maso kumene kunali kumutu. Asanakweze khasu, a Dionísio anali ataponda kale pamalopo.

"Alamu, chokani."

"Kumbani. Muyambire phazi langa."

"Musandiyese. Uyu ndi mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi."

"Ndikudziwa."

Anayang'anizana. A Gilberto anali aatali, amphamvu za munthu wonyamula matumba. A Dionísio anali nkhalamba yowonda imene inathera moyo wake pampando wa muofesi, koma phazi silinasunthe. Mphepo inkagwetsa makungwa a bulugamu.

A Alzira anali atafika, akupuma mwawefuwefu. Maso awo sanali pamtumbira waukulu.

"Alamu, aka n'kandani?"

"Mumamudziwa. Munapita kukafuna khasu."

Mayiyo anakhala pansi pomwepo, pafumbi, osayala kanthu. A Gilberto anayang'ana uku ndi uku, nafunsa kuti akunena zachiyani. A Alzira ndiwo anawafotokozera, mwachidule: za m'mawa uja, za kulira kamodzi, za mmene anamugwirira mng'ono wawo pakamwa kuti asalire. Anati ndi mmene iwonso anaphunzitsidwira, anachita pofuna kumupulumutsa kuti adzaberekenso, ndipo taonani Noémia anabadwa.

"Sindikukuimbani mlandu," anatero a Dionísio. "Iwonso sanakuimbeni. Anangosankha pogona."

A Gilberto anapukusa mutu. Anati zimenezo ndi zachisoni, inde, koma ndi zakalekale. Amayi angati ku Chimbonila anataya ana chomwecho n'kukhalabe m'tchalitchi? Munthu angataye ubatizo wake, angasiye manda a makolo ake, chifukwa cha nthayo?

"Musamutchule choncho. Ali ndi dzina."

A Alzira anafunsa osakweza nkhope.

"Anamutcha ndani?"

"Gilberto."

Khasu linatsetsereka m'dzanja, mpini n'kugwera pamiyala.

"Munali kunkhondo," anatero a Dionísio. "Anati mukadzabwera mudzakondwa."

"Nanga bwanji sanandiuze? Zaka zonsezi?"

"Mutabwera, nkhaniyi inali yoletsedwa. Atalowa Chisilamu anadikira kuti muwafunse chifukwa chake. Inu munawatumizira mawu oti apenga, n'kusiya kubwera."

Chikwatiwireni mlongo wawo, a Gilberto anali asanamvepo mawu ochuluka chotero kuchokera pakamwa pa alamu awowa. A Alzira anayamba kulira chapansipansi, dzanja atagwira mwala umodzi wa kamtumbira kaja. Palibe amene anawatontholetsa.

A Gilberto mtanda unali ukadali paphewa. Penti inali itadetsa malaya awo kuyambira m'khosi mpaka pachifuwa. Anautsitsa, anauyang'ana, anaugoneka pansi kunja kwa mzere wa manda, dzina litayang'ana kumwamba.

"Ndiye ndiuchite chiyani umenewu?" anafunsa.

"Sungani. Mufute dzinalo. Ine ndidzaufuna."

"Inuyo simuwatsatira kuno?"

"Ine Lamulungu ndili ku Misa."

Apo mpamene a Dionísio anachotsa phazi lawo. Anatsegula botolo lija, chotsekera n'kuika m'thumba la jekete. Anafuna kuwerama, koma analeka, n'kulipereka kwa alamu awo. A Gilberto analilandira ndi manja awiri. Sankadziwa mmene Asilamu amachitira, choncho anangoyandikira mtumbira wa mlongo wawo n'kuyamba kupendeketsa botolo.

A Dionísio anawagwira pachigongono, nawatembenuzira ku kamtumbira kamiyala.

"Iwo ankayambira kuno."