Mmene Bizwick Anamumanira Tuuli Moni

1.

Alira ameneyu, Donata. Ndikulumbira pa manda a malume, dothi lake lisanaume n'komwe. Ine Bizwick Chilewani wa kwa Mitundu, amene ndinaliritsa woyang'anira kalasi ku fomu thuu ndi pakamwa pokha, mzungu ameneyu ndimugwetsa misozi osamukhudza ndi chala. Ndimumana moni.

Ankalankhula pa foni. Kenaka Donata, msuweni wake, mwana wa malume omwalirawo, anafunsa kuchokera kumudzi.

Moni basi?

Iwe sudziwa nkhondo. Dikira uone.

2.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono, musasokere. Bizwick anapita ku Finland ndi bungwe lina losonkhanitsa achinyamata a mayiko osiyanasiyana kuti akagwire ntchito yongodzipereka. Anamuika pa nyumba yosungirako okalamba, m'katawuni kobisala pakati pa mitengo. Ntchito yake inali kukankha agogo a eni ake pa njinga za olumala, kusenda mbatata, ndi kufoshola sinowo, ufa wozizira uja umagwa kumwamba koma suphikika.

Ankagona nyumba imodzi ndi anzake. Awiri okha ndiwo akutikhudza. Otavio wa ku Brazil, wolongolola, wokumbatira aliyense mpaka wobweretsa makalata. Ndi Tuuli, mtsogoleri wa gululo, mwana wa dziko lomwelo, mtsikana wamtali wotulutsa mawu ngati akuwazula mu usinini. Onse ankamvana pa Chizungu, aliyense chopindika kumbali yakwawo.

3.

Zimene Bizwick anakhululukira dziko la Finland:

buledi wakuda wolimba ngati chidendene cha mlimi;
dzuwa lofika pantchito mochedwa n'kuweruka msanga, ngati bwana;
nsomba yosaphika;
kanyumba kotentha kotchedwa sauna, momwe amuna aulemu wawo amakhala chibadwire n'kumayang'ana khoma;
basi imene anthu amakhala motalikirana ngati alandana minda.

Zonsezi anati ndi chikhalidwe cha eni ake. Chimodzi chokha sanakhululuke.

4.

Uthenga unafika m'mawa ali ndi mpeni ndi mbatata m'manja, kuti malume ake a Gwedeza atisiya, a Gwedeza amene anamulera bambo ake atathawira ku Joni, amene anamuphunzitsa kupalasa njinga ndi kunama mwaulemu, ndipo anaima pakati pa khitchini n'kunena zimenezi m'Chizungu chimene chinamuthawa pakati pa chiganizo, ndipo Tuuli anamuyang'ana nati pepa, lero ndi mawa usagwire ntchito, n'kutuluka, ndipo iye anabwerera kunyumba n'kukwera kuchipinda kwake, anatsekula chitseko mpaka kuchitsamiritsa kukhoma, anakankhira bedi pakona, anayala bulangete pansi kuti obwera kudzapepesa apeze pokhala, anaikanso mpando umodzi poti mwina mzungu pansi sangathe, anavula chipewa, anakhala, anamva anzake akulowa m'nyumba, anamva mapazi olemera a Otavio akukwera masitepe, anakonza nkhope, anamva kunong'ona, anamva mapazi omwewo akutsika

5.

Palibe.

Bulangete. Mpando. Chitseko chotsekula.

6.

Kwanu, Bizwick, ngakhale amene munatukwanizana naye za malire a dimba amabwera. Amavula chipewa, amakhala pa njerwa, amati pepani, amakhalabe mpaka matako achite dzanzi. Sabweretsa nzeru. Amabweretsa thupi lake. Ndipo amene sabwera pamaliro mumamudziwa dzina lake, lija simulitchula ana ali pafupi.

M'mawa mwake unamugwira Otavio pakhomo.

Iwenso mbale wanga?

Ndimabweratu, Biz, ndinali ndi tiyi m'manja. Tuuli anandibweza pa masitepe. Anati aliyense akusiye wekha.

Anatero?

Anaimiratu pamenepo ngati mlonda.

Unaseka. Kuseka kuja kwa munthu amene wapeza phazi la wakuba m'munda mwake, ndipo phazilo akulidziwa.

7.

Kale, Tuuli akalowa m'khitchini m'mawa, Bizwick ankamupatsa moni wathunthu wa kwa Mitundu, womasulira m'Chizungu. Wadzuka bwanji? Nanga thupi? Kunyumba adzuka bwanji, bambo, mayi? Galu uja mwendo wapola? Tuuli ankayankha kuti mm, maso ali mu kapu, ngati munthu amene akumuzula dzino.

Tsopano Tuuli analowa. Bizwick anayang'ana ketulo. Anaiyang'ana mwachikondi, kuti mtsikanayo aone kuti m'nyumba muno ketulo ndi munthu kuposa iye.

Zida zina zimene anatulutsa:

kukumana naye pakhonde n'kuyang'ana denga;
kumupatsira mchere osanena kanthu;
akayetsemula, chete;
kuchoka patebulo osatsanzika;
tsiku lake lobadwa, chete.

Tuuli anathira khofi. Anapumira m'mwamba, mapewa n'kutsika.

Wayamba kumva, anatero Bizwick mumtima. Alira ameneyu.

8.

Mwamuna wanga wa ku Ulaya, walira mzungu uja?

Donata ankamutcha choncho chiyambire ali ana, mwa chisuweni, ndipo ngakhale maliro sanamulande pakamwa.

Sanalire, koma zikumulowa. Dzulo wandiyang'ana kawiri.

Watuma munthu kudzafunsa chimene walakwa?

Akuchita manyazi.

Kunotu a Nachisale anamana moni apongozi awo, mlungu usanathe nkhuku inafika pakhomo yomangidwa miyendo. Yako ili kuti?

Kuno nkhuku zimayenda zili m'pepala, zouma ndi chisanu. Zimachedwa.

Iwe Bizwick, mwina munthuyo sakudziwa n'komwe kuti ali pa chilango.

Pali munthu padziko amene angamanidwe moni osadziwa? Ngakhale mbuzi imadziwa.

9.

Zizindikiro zinayamba kuoneka, ndipo Bizwick ankazitola ngati ngumbi.

M'basi yopita kuntchito, mipando yopanda anthu mbwee, Tuuli anadzakhala pafupi naye. Njira yonse osalankhula. Waona, akufuna poyambira kupepesa, mawu akumukanika.

M'mawa wina anapeza kapu ya khofi pamalo pake, yothira kale shuga wambiri monga amakondera. Chiphuphu. Anamwa, chifukwa kunja kunkazizira ndipo nkhondo siletsa khofi, koma zikomo sananene.

Pogawa ntchito, Tuuli anayamba kudziika gulu limodzi ndi iye. Ankafoshola sinowo awiriwiri, mafosholo okha akulankhula. Kwee. Kwee.

Inu awiri mwagwirizana bwanji, anatero Otavio. Ine Tuuli amandithawa.

Bizwick anaseka mpaka kutsamira khoma. Mwana wa ku Brazil, maso aakulu koma osaona. Iyi ndi nkhondo, mbale wanga. Munthuyu ndikumuphika pamoto wochepa.

10.

Alira ameneyu.

Alira.

11.

Ndiye bambo ake a Tuuli anamwalira. Anagwa akudula nkhuni, mtima unaima. Tuuli anapita kwawo kukaika maliro, anabwerako nkhope ili mbuu, n'kudzitsekera m'chipinda.

Otavio analira kuposa mwini maliro. Anagogoda ndi supu. Anagogoda ndi keke. Anagogoda ndi gitala. Tuuli akatuluka kupita kubafa, Otavio anali pomwepo manja ali tambasu.

Bizwick anali m'chipinda mwake akumanga zingwe za nsapato pamene miyendo yake inanyamuka yokha, chifukwa miyendo ya kwa Mitundu njira ya pamaliro imaidziwa popanda kuuzidwa, ndipo anapezeka ali pa chitseko cha Tuuli chipewa chili kale m'manja, dzanja lakwera kuti ligogode, pepani ali kale pa lilime, wathunthu, wofunda, ndipo m'katimo ankamva munthu akupuma movutikira, ndipo anakumbukira bulangete lija, mpando uja, mapazi akutsika masitepe

Anatsitsa dzanja. Anavala chipewa. Anadutsa.

Mawa lake anadutsanso. Atakumana m'khitchini, Tuuli maso ali otupa, Bizwick anayang'ana ketulo.



12.

Ndamumaliza, Donata. Bambo ake amwalira, ine osapita. Pepani yemwe osanena.

Anadikira kuti Donata aseke. Kumudzi kunkamveka tambala ndi wailesi ya oyandikana nawo.

Achimwene.

Sanati mwamuna wanga. Sanati iwe.

Achimwene, bambo anga sanakulereni choncho.

Anayamba ndi iyeyo.

Munthu wafedwa khomo loyandikana ndi lanu, inu n'kudutsa mutavala chipewa? Mukadzabwera musadzanene zimenezi kwa amayi. Adzakuopani.

Foni inaduka. Bizwick anati ndi netiweki.

13.

Ife a kwa Mitundu tikanakhalapo tikanamukhazika pansi mnyamatayu. Koma tinali kutali, tikupalira fodya. Iye anali yekha ndi kupambana kwake. Anadzilimbitsa ndi chinthu chimodzi: tsiku lotsanzikana likubwera, ndipo pamenepo mtsikanayu adzasweka pamaso pa onse, adzafunsa kuti Bizwick ndinakulakwira chiyani, ndipo iye adzamuwerengera mlandu wonse kuyambira pa masitepe. Mawu anawakonzeratu. Ankawayeserera m'bafa.

14.

Tsiku lotsanzikana sinowo anali atasungunuka. Anakhala onse patebulo la m'khitchini, khofi, keke ya Otavio, zikwama zili pakhomo. Tuuli anaimirira atagwira kaphukusi.

Ine sindidziwa kulankhula, anatero. Koma ndili ndi mawu kwa Bizwick.

Bizwick anawongola msana. Yafika. Nkhuku ija yafika, Donata.

Utangobwera ndinkakuopa, anatero Tuuli. M'mawa uliwonse mafunso, bambo, mayi, galu, ine ndisanamwe n'komwe khofi. Ndinkaima kaye kuseri kwa chitseko kusonkhanitsa mphamvu. Ndiye malume ako atamwalira ndinaganiza kuti, munthu uyu ali kutali ndi kwawo, ndimupatse chinthu chabwino koposa chimene ndili nacho. Kwathu munthu akafedwa timamutchingira anthu kuti alire mwaufulu. Ndinakhala pa masitepe paja mpaka madzulo, kubweza aliyense. Matako anachita kufa dzanzi.

Bizwick anatsekula pakamwa. Mlandu uja anaukonza m'bafa sunapezeke.

Sindinadziwe ngati unamvetsa. Koma kuyambira pamenepo unasiya mafunso. Unayamba kukhala nane chete, monga amachitira anthu amene adziwana. Ndinauza mayi anga kuti ndapeza mnzanga weniweni, wa ku Malawi. Ndipo bambo atamwalira

Otavio anadzuka manja ali tambasu, Tuuli anamukhazika ndi chala chimodzi.

Bambo atamwalira, aliyense ankafuna ndimuonetse nkhope. Pepa Otavio, supu yako inali yabwino. Koma iwe ndinakumva, Bizwick. Unafika pa chitseko changa, unaima, sunagogode. Unapita. Unandibwezera ndendende chimene ndinakupatsa. Palibe munthu analirapo nane maliro mwaulemu chotero.

Anamupatsa kaphukusi kaja. Masokosi aubweya, oluka pamanja, aakulu.

Ndinayamba kulukira bambo. Ndamalizira iwe.

Pamenepo moni yense amene Bizwick anamusunga nyengo yonse yachisanu anakwera nthawi imodzi, wadzuka bwanji, nanga thupi, amayi atsala bwanji, galu, pepani, pepani, pepani, zonse kupanikizana pakhosi ngati anthu pakhomo la minibasi.

Tuuli, ine, zoona zake n'zakuti

Ayi, anatero Tuuli, n'kumugwira dzanja. Usanene kanthu. Uwononga.

Misozi ya Tuuli inali ikutsika masaya onse awiri, mpaka kudonthera pa masokosi paja, iye akumwetulira.

Analiradi ameneyu.