Adyo wa pa Simbi

Chibwerere kuchipatala, mkazi wa telala ankangoyang'ana chakudya n'kutembenukira kukhoma. Madiresi ake onse anali atamukulira, ndipo mwamuna wake, munthu woyeza thupi ndi maso okha, ankaona zonsezo mtima ukumuwawa. Anali atawaunjika kale pampando kuti awachepetse. Ndiye tsiku limene mayiyo ananena chapansipansi kuti akulakalaka nkhuku ya adyo, bamboyo anasiya buluku la mwini pamakina n'kuthamangira kukhitchini.

Tsoka ilo, kabotolo ka adyo waufa kamene mayiyo ankagwiritsa ntchito kanalibe kanthu. Kugolosale anangopeza wamuwisi. Wina aliyense akanangosenda n'kuponya mumphika, koma osati telala wathuyu. Iye anaganiza mozama, ndipo apa ndi pamene panagona vuto. Ufa umachokera ku chinthu chouma, nanga chinthu chonyowa telala amaumitsa ndi chiyani? Anaduladula adyoyo mopyapyala, n'kumuyala bwinobwino pakati pa zigamba ziwiri, n'kutsindikapo simbi yotentha.

Fungo limene linabuka pamenepo linalowa chipinda chilichonse osaodira. Posakhalitsa mayi uja anatulukira, atagwirira chitseko.

"Bambo inu, mukusita chiyani?"

"Adyo, mayi. Ndikuumitsa kuti ndisinje ufa."

Mayiyo anayang'ana simbi, anayang'ana mwamuna wake, kenako anaphulika nako kuseka mpaka kukhala pansi. Telala anaimika simbi ija n'kumamuyang'ana. Kuseka kumeneko anali atakusowa chiyambire matenda aja, moti analakalaka kusitanso adyo wina.

"Abale inu, ndinakwatiwa ndi munthu wanji ine? Wamuwisi saumitsa ayi! Pamene ndimathira theka la kasupuni ka waufa, inu sinjani timagawo tinayi. Mukazinge pang'ono m'mafuta, asapserere, amawawa. Bweretsani mpando kuno, mungandiwonongere nkhuku."

Anakhala pakhomo la khitchini n'kumalamula: moto wachuluka, takasani, mcherewo wakwana. Bamboyo ankangoti eya, eya, akumwetulira ngati wapatsidwa mphatso.

Nkhuku itapsa, mayiyo analawa msuzi. Ananyema kachidutswa, kenako kena. Telala anayesetsa kuyang'ana kumbali, poopa kuti akamuyang'anitsitsa asiya kudya.

"Ntchafu inayo mwaibisa kuti?" anafunsa mayiyo, akukankha mbale yopanda kanthu.

Atamupakulira, bamboyo anapita kukatenga madiresi aja pampando, misozi ikulengeza m'maso, n'kuwabwezera muwadiropu momwe analili, osachepetsa ndi imodzi yomwe.