Masamba Opita ku Blantyre

Flossie anakhala pakhonde la bambo ake kwa Nthache, laputopu pamiyendo, akuikalipira ngati mwana wosamva. Ntchito yake ya kuyunivesite inali yofufuza matenda amene ankaumitsa mitengo ya manachesi. Masamba ankapita ku labu ku Blantyre, komwe makina ankawerenga RNA, timauthenga timene chamoyo chimalemba m'maselo ake. Kenako pulogalamu ya pakompyuta inkatchula chigawo chilichonse dzina: ichi n'cha mtengo, ichi n'cha vairasi. Cha vairasi inkachipaka utoto wofiira.

Minda isanu ndi umodzi ya anthu ena inatuluka yofiira psuu. Koma munda wa bambo ake, a Laston, womwe unali wodwala kuposa yonse, unatuluka wopanda banga. Katatu konse anaibwereza ntchitoyo, kufikira anayamba kukayikira pulogalamu, labu ndi mutu wake womwe. Nthawi nayo inali itatha. A Laston anali atanola kale nkhwangwa, ndipo ananenetsa kuti Loweruka mitengo yonse igwa, awotche makala, za manachesi ziiwalike. Flossie zinamupweteka mtima, chifukwa mitengo imeneyo ndi imene inamuphunzitsa sukulu.

Atasowa pogwira, anafunsa bambo akewo kuti masamba aja anathyola mumtengo uti. Pa nthawiyo n'kuti iye ali pamayeso, ndiye anangowauza pafoni kuti athyole mumitengo yodwala, apatsire kondakitala wa minibasi.

A Laston anatsokomola kaye, n'kuyamba kukonza chipewa chomwe chinali bwinobwino. Munthu ameneyu ngakhale nkhuku yopatsa mlendo ankayamba waiyang'ana nthenga.

"Mwanawe, masamba opita ku Blantyre ndikanatumiza achikasu, opindikapindika? Madokotala akanati kwa a Laston kuli umve wanji?"

Anaulula kuti anazungulira munda wonse kufuna masamba ooneka bwino, n'kukawapeza mumtengo wa kuseri kwa khola la mbuzi. Anawapukutanso ndi kansalu. Mtengowo unali wokhota, sankauwerengera n'komwe, ndipo ndi umene anakonza zoyambira kudula poti unali pafupi.

Flossie anafuna kukwiya, koma chinabwera ndi chiseko. Anaseka mpaka misozi, mbuzi n'kusiya kudya. Kenako anayang'ananso pa laputopu. Pulogalamu ija sinalakwitse kanthu. Inkamuuza kuyambira pachiyambi kuti pakati pa matenda onsewo pali mtengo umodzi wopanda vairasi, ndipo mtengo wotero ungathe kupereka nthambi zomezanitsa mbande zatsopano.

Flossie anawafotokozera bambo akewo pang'onopang'ono, nawachenjeza kuti mtengowo uyenera kuyezedwanso kaye. A Laston za kuyezanso sanazimve n'komwe. Anamva zoti masamba awo ndi amene anapambana ku Blantyre, ndipo dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utadziwa kuti iwo anazindikira kale, makina angovomereza.

Loweruka nkhwangwa inaliradi. Mitengo yodwala inagwa umodziumodzi, ndipo Flossie anaima pambali akuonerera. Atafika kuseri kwa khola, a Laston anatsamiritsa nkhwangwa pachipupa, n'kudula nthambi zaminga zotchingira mtengo wokhota uja. Mbuzi ina itayandikira, anaiopseza ndi chipewa.

"Choka apa iwe. Uwu ndi wa adzukulu anga."