Zaka Khumi za Koleji ya Kuseri kwa Chisepo

Kalata inafika mu Okutobala 1995 kuchokera ku boma ku Dowa. Inati koleji iliyonse ya luso itumize dongosolo la zimene idzachite pa zaka khumi, Khirisimasi isanafike. Mayi Felista Kachiwanda anali atangotha miyezi inayi ali mkulu wa koleji ya kuseri kwa Chisepo. Kolejiyo inali m'nyumba zisanu zimene Apayoniya anasiya, ndipo inali ndi ophunzira makumi atatu, aphunzitsi atatu ndi makina otayipira asanu.

Wapampando wa komiti anali a Yeremiya Mbalule, mlimi wa fodya amene ankatsogoleranso kwaya ya ku parishi. Iwo sanaone chovuta.

"Mlamu wanga ali pa koleji ina ku Lilongwe," anatero. "Tibwereke dongosolo lawo, tisinthe dzina pamwamba basi."

"Mundipatse masabata atatu, bambo. Ndikalephera tibwereka."

Mayi Felista anakwera njinga. Anafunafuna onse amene anaphunzira kutayipa pa kolejipo, anthu makumi anayi ndi awiri. Atatu okha ndiwo anali pa ntchito ya muofesi, onse m'tauni. Ena onse anawapeza akuthirira nazale za fodya kapena akugalauza m'minda. M'midzi imene ankadutsa ankawerenga mijigo. Pa mijigo khumi ndi isanu ndi inayi, isanu ndi itatu inali yakufa, amayi atabwereranso ku zitsime za kudambo.

Tsiku la msonkhano kalasi inadzaza mpaka pakhonde. Chibwerere matipate aliyense ankafuna kumveka. Wina anati ana aziphunzira kuyendetsa galimoto, wina zamalamulo, wina unamwino. Mayi Felista analemba zonse pa bolodi osatsutsa, zinafika makumi awiri ndi zitatu. Kenako anaika choko pansi.

"Zonsezi n'zabwino, koma tikazigwira zonse sitimaliza ndi chimodzi chomwe. Ine ndabweretsa zitatu."

Anafotokoza mosathamanga. Zaka zitatu zoyamba koleji iziphunzitsa kukonza mijigo, zigayo ndi njinga, ndipo pa mvula ya chaka chino ibzale mitengo paphiri la kumbuyo limene zigafa za fodya zinameta. Kuyambira chaka chachinayi amange nyumba yogona atsikana, kuti ana a ku Ntchisi ndi ku Mtengowanthenga asamalephere chifukwa cha mtunda. Pofika chaka chachisanu ndi chitatu atsegule kalasi ya ukalipentala, matabwa ake akuchokera paphiri lomwelo, aphunzitsi ake ali ana amene anaphunzira pompano.

A Hashim Saidi, mwini golosale ndi chigayo pa Chisepo, anadzuka.

"Chaka chatha chigayo changa chinakhala masabata asanu ndi limodzi chili chete, kudikira mekaniki wa ku Lilongwe. Atabwera anatha ola limodzi. Mayiwa akunena zoona."

A Yeremiya sanasangalale nazo.

"Mayi, ife tavutika ndi khasu kuti ana athu akakhale pampando. Anjelina wanga sindinamulere kuti azidzola girizi."

"Ndakumvani, bambo. Kutayipa sitikutseka, tingochepetsa malo. Koma mundikhululukire, ndinene pagulu poti mwini wake anandilola. Woyamba kundifunsa ngati kalasi ya mijigo ilandira atsikana ndi Anjelina."

Anthu anatembenukira kukhonde kumene mtsikanayo anaima. Iye anayang'ana pansi pang'ono, kenako anadzutsa mutu n'kuvomera. Bambo ake anavula chipewa, nachiyang'ana m'kati nthawi yaitali.

A Hashim anati pasakhale zokweza manja, anthu angaopane. Anabweretsa zitini ziwiri, china cha dongosolo la Mayi Felista china cha lobwereka lija, n'kuziika kuseri kwa chitseko, aliyense n'kulandira njere imodzi ya chimanga. Atakhuthula zitinizo patebulo, dongosolo la Mayi Felista linali ndi njere makumi asanu ndi limodzi ndi imodzi. Lobwereka linapeza makumi awiri ndi zinayi.

Anthu akubalalika, a Yeremiya anatsalira.

"Ndagonja, koma sindinakhutire. Zaka khumi n'zambiri. Inu mukhoza kusamutsidwa mawa, pepala n'kudyedwa ndi chiswe."

"Ndiye tichite bwanji?"

"Mulembe kuti chaka chilichonse tikamaliza kukolola, mkulu wa koleji, kaya ndinu kaya ndi wina, aziima pano n'kuwerenga pepalali mokweza. Azinena zimene zatheka ndi zimene zakanika, ife tizimufunsa."

Mayi Felista anatenga cholembera n'kuwonjezera mawuwo pomwepo, monga mmene wapampandoyo anawanenera. A Yeremiya anawerenga, nasaina. Ali pakhomo anati dimba lawo la kumunsi lili ndi madzi chaka chonse, nazale ya mitengo ikhoza kukhala kumeneko.

Lolemba lotsatira Mayi Felista anakwera matola kupita ku Dowa. Bwana wa muofesi anatembenuza mapepalawo limodzilimodzi, nadabwa kuti alipo asanu ndi anayi okha pamene makoleji ena anatumiza mabuku.

"Nanga makompyuta? Anzanu onse alemba makompyuta."

"Ali pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, bwana. Tidzawafuna magetsi akadzafika. Pakadali pano mutithandize ndi mphunzitsi mmodzi wodziwa mijigo, Januwale asanathe. Ophunzira ake ndalemba kale, alipo khumi ndi asanu ndi mmodzi."