Mpando wa a Mlongoti

A Nesi anali aafupi, ndipo zimenezi sankakana. Koma aliyense wowaona akuyendetsa galimoto yawo yotuwa ija ankayamba waseka kaye. Mpando unali kutali ndi chiwongolero moti pakati pake mukanaikapo dengu. Kumsana ankatsamira mapilo awiri a pa sofa, miyendo itawongoka kuti ifike pa buleki, khosi lili neng'a kuti aone pagalasi loonera kumbuyo, lomwe kwa iwo linkangoonetsa denga.

Mpandowo unali pamene anausiya amuna awo. Bambowo anthu ankawatchula a Mlongoti chifukwa cha kutalika. Galimotoyo anaigula yanyuwani atapuma pantchito, n'kuidyerera miyezi yochepa chabe. Tsiku lina anaiimika pakhomo, n'kudandaula kuti pachifuwa pakuthina, ndipo sanadzaikwerenso. M'nyumba zinthu zawo zinatha msangamsanga: majekete anagawana abale, nsapato zinamukwana mng'ono wawo, ngakhale matilesi anaiwala mbali imene ankagona. M'galimoto mokha ndi mmene munatsala a Mlongoti. Pa chotsamira mutu panali kadzenje kawo, mkati munkamveka mafuta awo odzola ndi maswiti a minti, ndipo wailesi inali pa siteshoni yawo ya mpira. A Nesi mpira sankaukonda ngakhale pang'ono, koma m'mawa uliwonse popita kuchipatala ankamvetsera azibambo akukalipirana za penate, mtima uli m'malo.

"Alamu, mudzagunda munthu inu," ankatero mng'ono wa malemuyo. "Kachitsulo kali pansipo mungokoka, mpando ubwera wokha."

"Ndakugundani kangati?" ankayankha a Nesi, nkhani n'kuthera pomwepo.

A kampani yomwe inawagulitsa galimotoyo ankaimba foni kuwakumbutsa za sevisi. A Nesi ankati abwera sabata yamawa, ndipo sabata yamawayo siinkafika. Sikuti ankaumira, ayi. Anali atapitako kamodzi ndi amuna awo ndipo anaona mmene amachitira kumeneko. Umasiya kiyi pa kauntala, makaniko n'kulowa m'galimoto, chinthu choyamba n'kusuntha mpando. Pomaliza amaitsuka kunja ndi mkati, n'kupoperamo mankhwala onunkhira mandimu. Tsiku limenelo a Mlongoti anang'ung'udza ulendo wonse kuti galimoto ikununkhira ngati chimbudzi cha mu hotela. Choncho a Nesi ankapita kwa mnzawo wa malemu, makaniko wa kuseri kwa msika yemwe anthu ankamuti Sipanala. Ankaikweza okha pa dzenje, Sipanala n'kusintha oyilo ali pansi, osakhudza ngakhale chitseko.

Zinayenda choncho mpaka m'mawa wina, pachitunda cha ku ntchito, galimoto inalira ngati mwataya masupuni m'poto, n'kukana kupita kutsogolo. Sipanala atasuzumira anapukusa mutu. Anati giyabokosi yapita, ndipo ya mtundu umenewo si yoseweretsa pansi pa mtengo.

"Koma musalire, mayi. Ikadali pa walanti imeneyi. Kampani inalonjeza kuti chikaonongeka chachikulu zaka zake zisanathe, akonza okha. Ikokereni konko."

Ku kampani kunali kozizira, pansi powala ngati m'chipinda cha opaleshoni. Bwana woona za sevisi anali munthu waulemu, wa ulemu uja wokukhazika pampando wofewa kuti akukanire bwinobwino. Anatsegula kabuku ka sevisi, n'kuona chidindo chimodzi chokha, masamba enawo ali mbee.

"Pepani mayi, walanti imagwira ntchito ngati sevisi ikuchitikira kuno. Apa palibe chimene tingachite."

Atatchula mtengo wa giyabokosi, mlamu wawo, yemwe anawaperekeza, anaimba kakhweru.

"Alamu, igulitseni mmene ililimu. Ndili ndi munthu wogula zoterezi, amaphwasula n'kugulitsa zitsulo."

Mawu akuti kuphwasula anawalasa a Nesi mumtima. Anaona mpando uja utaponyedwa pa mulu wa zitsulo, mvula ikuugwera. Anauza mlamu wawo kuti atsogole, iwo atsala.

Amene anagwirapo ntchito ndi a Nesi amadziwa kuti mayiyu akaima pakhomo la dokotala sachokapo asanapeze chimene akufuna. Anayamba kumapita ku kampaniko akangoweruka, yunifolomu ili m'thupi. Alonda anawazolowera, mtsikana wa pa kauntala n'kumawapatsa tiyi asanapemphe. Ankafunsa kuti oyilo wa injini akukhudzana bwanji ndi giyabokosi. Bwana uja ankayankha kuti pa sevisi amayang'ana zonse, ndipo vutolo akanaligwira lisanakule. Ankafunsa ngati galimoto yanyuwani imayenera kuthyoka isanathe n'komwe matayala ake oyamba. Bwanayo ankati lamulo si lake. Pochoka, a Nesi ankazungulira kuseri kwa galaja kumene galimotoyo inaimikidwa, n'kusuzumira pawindo. Mapilo anali pomwepo, mpando uli pomwepo. Ankapita kunyumba pa basi atatsitsimuka ngati munthu amene wapeza wodwala wake akupuma bwino.

Tsiku lina bwanayo anavula magalasi, atatopa.

"Mayi, ndifunseko. Sevisi yachiwiri nayo inali yaulere. Tinakuimbirani. Munalekeranji kubwera?"

A Nesi anali atakonza mayankho ambiri m'basi, koma onse anathawa.

"Mukanasuntha mpando," anatero.

"Mpando?"

"Uli mmene anausiyira amuna anga. Ndikalowa muja ndimakhala ngati ndakhala pamiyendo pawo. Kunyumba kulibe, bwana. Kumanda ndimangopezako simenti. Ndimawasowa, ndipo kwina kowapeza ndilibe."

Bwanayo anayang'ana kabuku kaja nthawi yaitali ngati mutuluka chidindo china. Sanalonjeze kanthu. Koma patapita masiku anaimba foni: akuluakulu avomera kupereka giyabokosi, a Nesi alipire ntchito yokha. Mayiwo anakhala pansi m'khonde la wodi, akuseka ndi misozi yomwe. Kenako anakumbukira.

"Chimodzi chokha, bwana. Asakhudze mpando. Asatsukemo."

"Ndikawauza ndekha, mayi. Musadandaule."

Ndipo anakawauzadi, tisamunamizire. Anauza mkulu wa amakaniko, mkuluyo n'kuuza amene anamanga giyabokosi. Koma galimoto ikakonzedwa imayenera kuyesedwa pamsewu, ndipo woyesa ndi munthu wina. Ikabwerako imalowa kotsukira, komwe kuli anthu enanso, amene chiyambire ntchito sanauzidwepo kuti galimoto ituluke yosatsuka.

Tsiku lokatenga galimoto, a Nesi anafika masana atavala diresi limene a Mlongoti ankalikonda. Galimoto inali pakhomo ikunyezimira. Asanatsegule n'komwe chitseko anaona kuti mapilo palibe. Atatsegula, fungo la mandimu linawamenya kumaso. Chotsamira mutu chinali chitachapidwa n'kufufuma, chopanda kadzenje. Mpando unali pafupi ndi chiwongolero.

Woyesa magalimoto uja, bambo wamfupi ngati iwo omwe, anabwera akupukuta m'manja, nkhope ili mwee.

"Ikuyenda ngati yatsopano, mayi. Mpandonso ndakukonzerani, ine ndi inu msinkhu ndi umodzi. Mmene munkakhalira muja mukanathyoka msana. Mapilo anu ali ku buti, tawaika m'pulasitiki."

Akanamukalipira bwanji munthu woti wawachitira zabwino? Bwana wa sevisi anatuluka mu ofesi akumwetulira, koma ataona mpandowo anaima, dzanja lili pakamwa.

"Palibe kanthu," anatero a Nesi. "Ndiubwezera."

Analowa, n'kupisa dzanja pansi. Kachitsulo kaja anali asanakagwirepo chiyambire. Anakoka, mpando n'kutsetsereka chammbuyo, kha, kha, kha. Anausiya, n'kuwongola miyendo. Sipanali pamenepo. Anaubweza pang'ono, koma napo panali pachilendo. Anapempha mapilo aja, n'kuyesanso, kutsogolo, kumbuyo, anthu awiri aja atangoima osadziwa poyang'ana. Paliponse pankaoneka ngati pomwepo, ndipo paliponse sipanali pomwepo. Nthawi yonseyi ankausunga mpandowo ngati khanda, koma sankadziwa kuti unali pa dzino liti.

Apa m'pamene analira, kulira kumene sanalire ngakhale tsiku la maliro, chipumi chili pa dzanja, dzanja lili pa chiwongolero chimene ankachita kuchinyanyamphirira. Bwana uja anayamba kupepesa, koma iwo anangomukweza dzanja kuti asiye.

Kumbuyo kunabwera galimoto ina yofuna kutuluka, ndipo mlonda anali atatsegula kale geti. A Nesi anapukuta m'maso, n'kuchotsa mapilo aja kuwaika pa mpando wa pambali, pamene iwo ankakhala a Mlongoti akamayendetsa. Anakoka mpando mpaka mapazi anaponda bwinobwino. Pagalasi loonera kumbuyo anaonapo galimoto yodikirayo, komanso maso awo ofiira.

Atalowa mumsewu waukulu anayatsa wailesi. Otsuka aja anali ataisiya pa nyimbo zovina. Anapotokola, napotokolanso, mpaka anawapeza azibambo aja akukalipirana kuti sinali penate. Anakweza mawu, n'kutseka mawindo onse.